Kuti munthu asamasowe mwakachetechete: malangizo kwa mpingo waung'ono

Mu mpingo wa anthu 40 kapena 60, mawu akuti "ife tonse timadziwana" amamveka kawirikawiri, ndipo owanenawo amanena moona mtima. Nkhope amazidziwadi. Amadziwa amene amakhala benchi ya kutsogolo, amene amayambitsa nyimbo, amene amafika pemphero loyamba litatha. Koma tafunsani kuti mayi aja amakhala pafupi ndi zenera anabwera liti komaliza, muona anthu akuyang'anana. Wina anena kuti ankayesa apita kukaona ana awo, wina anena kuti ankaganiza abusa akudziwa. Pamenepo mayiwo atha milungu isanu ali chigonere, aliyense atasiyira mnzake.

Kuchepa kwa mpingo pakokha sikubala chiyanjano. Kumangopereka mpata. Chiyanjano chimafuna kukonzedwa, mpaka munthu aliyense akhale ndi wina wodziwika dzina amene angazindikire kuti lero sanabwere. Malangizo awa ndi a abusa, akulu a mpingo, ndi wina aliyense amene mtima ukumupweteka poona abale akutayika mpingo uli phee.

Yambani ndi kulemba mayina

Khalani pansi anthu atatu kapena anayi odziwa bwino mpingo, ndi kope ndi cholembera. Lembani dzina la munthu aliyense, osati okhawo ali m'kaundula. Lembani ana, okalamba amene miyendo inasiya kuwalola kufika, amuna a amayi amene amabwera okha, mnyamata amene anasiya kuoneka chaka chatha. Mukatero, pa dzina lililonse dzifunseni funso limodzi: munthuyu atadwala usiku uno, ndani mu mpingo muno angamve m'mawa?

Mayina ambiri yankho lake libwera msanga. Ena mukhala chete. Ikani chizindikiro pa mayina amenewo, pakuti ntchito yanu yonse yagona pomwepo. Kawirikawiri amakhala anthu a mtundu umodzimodzi: amene alibe wachibale mu mpingo, wobwera kumene m'dera, wamasiye wamwamuna, mtsikana amene anabereka asanakwatiwe ndipo amakhala kumbuyo kuti atuluke msanga.

Ena amaona ngati kulemba mayina ndi zinthu za muofesi, zosayenera m'nyumba ya Mulungu. Ine sinditero. Mbusa wa pa Mateyu 18 anadziwa kuti zatsala nkhosa 99 chifukwa ankawerenga. Ndipo Paulo, polembera mpingo wa ku Roma kumene anali asanafikeko, anapereka moni kwa anthu oposa 20 powatchula mmodzimmodzi m'chaputala 16. Anawasunga mumtima ndi mayina awo.

Kopelo lisungidwe ndi munthu mmodzi wokhulupirika. Musalembemo matenda a anthu kapena mavuto a m'banja mwawo. Mayina, kumene akukhala, nambala ya foni ngati alola, basi.

Gawani mpingo m'timagulu

Munthu mmodzi sangasamale anthu 50, ngakhale akhale abusa achangu chotani. Yetero anamuuza Mose zomwezi pa Eksodo 18, namulangiza kuika atsogoleri mpaka a anthu khumikhumi.

Pali nkhani ina yothandiza kuchokera ku England. M'chaka cha 1742, Amethodisti a ku Bristol anali ndi ngongole ya nyumba yawo yopemphereramo. Anagwirizana zogawa anthu m'magulu a pafupifupi 12, kuti mtsogoleri aziyendera aliyense mlungu ndi mlungu kukatolera kandalama kochepa. Atsogoleriwo poyenda m'makomo anayamba kuona zimene Lamlungu sizinkaoneka: uyu akukangana ndi mkazi wake, uyo wabwerera ku mowa, winayu akudwala. John Wesley, mtsogoleri wa Amethodisti, anazindikira kuti apeza njira yosamalira anthu, ndipo maguluwo anayamba kumakumana pamodzi mlungu uliwonse. Chinayamba ngati chotolera ndalama chinasanduka msana wa mpingo wawo.

Inunso gawani anthu 8 mpaka 12 pa gulu. Tsatirani kuyandikana kwa nyumba, kuti munthu azitha kuyenda wapansi kukafika kwa mnzake. Musalole kuti anthu adzisankhire okha, chifukwa mabwenzi adzathamangirana ndipo aja munawaika chizindikiro adzatsalanso okha. Banja lalikulu limene lili ndi anthu ambiri mu mpingo musalisiye kuti lidzaze gulu limodzi. Mlendo akalowa pagulu lotero amakhala ngati walowerera nkhani za eni khomo. Sakanizani achinyamata ndi akuluakulu, opeza bwino ndi ovutika.

Posankha mtsogoleri wa kagulu, musayang'ane wodziwa kulankhula. Yang'anani wodziwa kuona. Alipo amayi ndi abambo ena ofatsa, osakonda kuima kutsogolo, koma amene amazindikira kuti mwana wa uje wawonda, kapena kuti bambo uje masiku ano akumakhala yekha mapemphero akatha. Amenewo ndiwo ofunika. Mupatseni wothandiza mmodzi, ndipo ngati mtsogoleri ndi bambo wothandiza akhale mayi, kuti pasakhale khomo limene sangalowe.

Muuzeni ntchito yake momveka: munthu wa m'gulu lake akajomba Lamlungu limodzi, amuimbire foni kapena amutumizire uthenga. Akajomba kawiri motsatizana, apite kunyumba.

Kayenderedwe ka munthu amene wasowa

Apa ndi pamene ambiri amalakwitsa, choncho ndikhalitsapo pang'ono. Ulendo woyendera munthu ukhoza kumubweza kapena kumuthamangitsiratu.

Pitani awiri, osapitirira apo. Gulu la anthu asanu likafika pakhomo, mwini nyumba amaona ngati yabwera khoti. Dziwitsani kuti mukubwera. Si aliyense amene amakondwa kupezedwa mwadzidzidzi nyumba ili mmene ilili. Mukakhala pansi, musayambe ndi "bwanji simukuoneka kutchalitchi?" Funso limenelo limamuika munthu pa mlandu, ndipo adzakuyankhani bodza laulemu kuti mupite msanga. Nenani kuti, "Mayi, tinakusowani, tinati tidzakuoneni," kenako khalani chete. Kukhala chete kumavuta, koma ndi m'menemo mmene munthu amatulutsira zakukhosi.

Zifukwa zojombera zimakhala zosiyana ndi zimene timaganizira. Wina alibe chovala chimene akuona kuti n'choyenera. Wina ali ndi ngongole kwa mnzake wa mu mpingo momwemo ndipo akuchita manyazi kuonana naye. Wina ananenedwa mawu opweteka pakhomo la tchalitchi miyezi itatu yapitayo, woyankhulayo anaiwala kalekale. Wina chikhulupiriro chazilala pambuyo pa imfa ya mwana, ndipo akuopa kunena. Zonsezi sizichira ndi ulaliki wa pa mpando wa m'nyumba mwake. Mvetserani, pemphani chilolezo chopemphera naye, pempherani mwachidule, ndipo nyamukani nthawi isanatalike. Musamukakamize kulonjeza kuti abwera Lamlungu. Funsani ngati mungadzabwerenso, ndipo mukalonjeza tsiku, lisungeni.

Mukapeza kuti munthu akumenyedwa m'banja, kapena mwana akuchitidwa nkhanza, imeneyo si nkhani yongopempherera n'kusiya. Moyo wa munthu utetezedwe kaye, ndipo oyenera kudziwa mwalamulo adziwitsidwe. Mpingo wobisa zotere pofuna kusunga mbiri yake umapereka wofooka m'manja mwa womuzunza. Wodwala naye mulimbikitseni kupita kuchipatala, ndipo ngati alibe womuperekeza, perekezani.

Kagulu kakakumana

Kamodzi pa mlungu kapena kamodzi pa milungu iwiri ndi kokwanira. Yambani pa nthawi, malizani pa nthawi. Ola limodzi ndi theka lisapitirire. Anthu ogwira ntchito ndi amayi a ana aang'ono amasiya kubwera ku msonkhano umene sadziwa kuti utha liti.

Sinthanani makomo, koma musakakamize. Amene nyumba yake ndi yaing'ono kapena amene mwamuna wake sakondwera ndi za mpingo asachititsidwe manyazi. Gwirizananinso poyambirira kuti wolandira alendo sakuyenera kukonza chilichonse chodula. Mukapanda kunena, khomo loyamba lidzakonza zambiri, lachiwiri lidzafuna kuposa, ndipo wosauka adzayamba kudwala tsiku lake likamayandikira.

Msonkhanowo usakhale kachisi wachiwiri wokhala ndi mlaliki wake. Werengani ndime yaifupi, funsani funso limodzi kapena awiri, ndipo aliyense anene. Kenako zungulirani: mlungu uno wayenda bwanji, tikupempherereni chiyani? Wosafuna kulankhula adutsidwe mwaulemu. Gulu lililonse limakhala ndi munthu mmodzi wolankhula kwambiri. Musamudzudzule pagulu. Mtsogoleri amutengere pambali n'kumupempha thandizo: "Bambo, inu muli ndi mphatso yolankhula, tathandizeni kuti a uje nawonso azitsegula pakamwa, muziyamba mwadikira anthu atatu." Ambiri amavomera mokondwa akapemphedwa motero.

Lamulo limodzi likhale lolimba kuposa onse: zonenedwa m'kagulu zithere momwemo. Miseche ya mu mpingo imakonda kuvala malaya a pemphero. "Tiyeni tiwapempherere a uje, mwamva zimene amuna awo achita?" Umenewo ndi mseche. Musanatengere nkhani ya munthu kwa wina aliyense, ngakhale kwa abusa, mufunseni mwini wake, pokhapokha ngati pali moyo umene uli pangozi. Munthu akangomva kamodzi chinsinsi chake chili pakamwa pa wina, sadzanenanso kanthu, ndipo onse amene anaona zimenezo adzatseka pakamwa limodzi naye.

Idyani pamodzi, ndipo yang'anani amene akudya pomaliza

Akhristu oyamba ankanyema mkate m'nyumba zawo ndi kudya pamodzi mokondwera, monga tikuwerenga pa Machitidwe 2. Konzani kuti mpingo wonse uzidya pamodzi kamodzi pa mwezi kapena pa miyezi iwiri. Aliyense abweretse chimene angathe, ndipo zonse ziikidwe pamodzi popanda kulengeza kuti mbale iyi yachokera kwa yani. Wobwera chimanjamanja adye mofanana ndi wina aliyense.

Koma chakudya chikhozanso kugawa mpingo. Ku Korinto, Paulo anapeza kuti pa chakudya cha mpingo ena ankayamba kudya zawo osadikira, wina n'kukhala ndi njala pamene wina waledzera, ndipo osauka ankachititsidwa manyazi. Langizo lake pa 1 Akorinto 11:33 linali lapafupi: lindiranani. Choncho onani bwino kuti ndani akuyamba kupatsidwa, ndani akukhala pa mpando wabwino, ndani akupeza mbale zatha. Ana ndi okalamba ayambe. Atsogoleri asakhale ndi tebulo lawolawo. Amwazikane pakati pa anthu. Ndipo ngati nthawi zonse ophika ndi otsuka mbale ali amayi anayi omwewo, amene amadya chiimire ena atakhuta, amayi amenewo sakuchita nawo chiyanjano, akungotumikira cha ena. Lembani ndandanda yosinthana, abambo ndi anyamata alowemo.

Thumba lothandizira ovutika

Cha m'ma 150, mphunzitsi wachikhristu Justin Martyr ali ku Roma anafotokoza mmene Akhristu ankasonkhanira Lamlungu. Ananena kuti opeza bwino ankapereka mwa kufuna kwawo, ndipo zoperekazo zinkathandiza ana amasiye, akazi amasiye, odwala, a m'ndende ndi alendo. Mpingo wosauka bwanji ukhoza kukhala ndi thumba lotere, losiyana ndi chopereka cha masiku onse, ngakhale likhale laling'ono.

Ndalama zaphwasula mipingo yaing'ono yambiri, ndiye ikani malamulo musanalandire khobidi loyamba. Owerenga chopereka akhale awiri, osakhala a banja limodzi. Zonse zilembedwe tsiku lomwelo. Wosunga ndalama asakhale amenenso amavomereza kuti zituluke. Miyezi itatu iliyonse mpingo uuzidwe kuti zinalowa zingati, zinatuluka zingati, ndi mabanja angati anathandizidwa, popanda kutchula mayina. Msungichuma wokhulupirika sakhumudwa ndi malamulo awa, chifukwa amamuteteza ku zonenedwa. Paulo mwini wake, potenga mphatso ya ndalama yopita kwa abale a ku Yerusalemu, anayenda ndi anthu osankhidwa ndi mipingo, kuti pasapezeke womunenera zoipa. Zili pa 2 Akorinto 8.

Maganizo anga ndi akuti thumbali lizipereka, lisamakongoze. Ngongole imasandutsa m'bale kukhala wothawa. Akalephera kubweza amasiya kubwera, ndipo mwataya ndalama ndi munthu yemwe. Ndi bwino kupatsa zochepa zimene simudzazifunsanso kusiyana ndi kukongoza zambiri. Musaimitsenso wolandira thandizo kutsogolo kuti athokoze, kapena kumujambula chithunzi akulandira.

Pakabuka dandaulo loti thandizo likukondera, musalitenge ngati kupanduka. Pa Machitidwe 6, Akhristu olankhula Chigriki anadandaula kuti akazi awo amasiye akuiwalidwa pa kugawa kwa tsiku ndi tsiku. Atumwi sanakane, sanawadzudzulenso odandaulawo. Anauza mpingo kuti usankhe amuna 7 oyang'anira ntchitoyo, ndipo mayina a onse 7, kuyambira Stefano ndi Filipo mpaka Nikolao, ndi a Chigriki. Zikuoneka kuti ntchito anaipereka m'manja mwa mbali yomwe inadandaulayo. Yesani kuchita chimodzimodzi.

Mlendo

Akulu anati mlendo ndi mame. Mu mpingo waung'ono amaonekera msanga, ndipo Lamlungu loyamba aliyense amamupatsa moni. Vuto lili pa Lamlungu lachitatu, pamene salinso wachilendo koma sanakhale wa pakhomo. Mapemphero akatha anthu amapita kwa anzawo, iye n'kuima yekha akuyang'ana foni. Ambiri amasiyira pamenepo.

Sankhani anthu awiri amene ntchito yawo ndi kukhala naye mapemphero akatha, kwa mwezi wathunthu, ndi kumudziwitsa kwa ena mmodzimmodzi. Asanathe mwezi aitanidwe kunyumba kwa wina ndi ku kagulu ka kufupi ndi kwawo. Ngati mumaimiritsa alendo kuti adzitchule, perekani ufulu. Ena amakondwa, ena sabweranso chifukwa cha manyazi a tsiku limenelo. Samalaninso ndi zimene Yakobo anachenjeza m'chaputala 2, zopatsa wovala bwino malo abwino, wosauka n'kumuuza kuti aime uko. Mu mpingo wosowa ndalama yesero limeneli ndi lamphamvu, moti mlendo wobwera pa galimoto amapezeka ali m'komiti chaka chisanathe.

Patapita miyezi iwiri kapena itatu mupatseni kantchito kakang'ono, monga kukonza mipando kapena kuwerenga ndime. Munthu amayamba kunena kuti "mpingo wathu" tsiku limene azindikira kuti akapanda kubwera pali chimene sichichitika.

Pakabuka mkangano

Udzabuka. Mu mpingo waukulu okangana amatha kukhala mbali zosiyana osaonana, koma pa anthu 40 palibe kothawira, ndipo poti ambiri ndi apachibale, mkangano wa awiri umasanduka wa mabanja awiri mlungu usanathe.

Tsatirani dongosolo la pa Mateyu 18:15-17 monga lilili. Wolakwiridwa apite yekha kwa mnzake. Zikakanika atenge mmodzi kapena awiri. Mpingo wonse ndi pomaliza. Munthu akabwera kwa inu kudzadandaula za wina, mufunseni kuti, "Mwalankhula nawo eni ake?" Ngati akuopa, muuzeni kuti mumuperekeza, koma musasenze uthenga wake kukatula kwa winayo. Kupatula apa ndi pamene wolakwayo ali ndi mphamvu pa wodandaula kapena anamuchita nkhanza. Wodandaula wotereyo asatumizidwe yekha.

Mkhalapakati akhale munthu amene mbali zonse zikumuvomereza, wopanda ubale ndi aliyense wa iwo. Ngati mu mpingo mulibe wotero, pemphani mkulu wa mpingo wina. Ndipo abusa, chonde, musamalize mkangano pa guwa. Ulaliki wolasa munthu mmodzi aliyense amauzindikira, ndipo wolasidwayo alibe mpata woyankha. Pamene Paulo anadandaulira Euodiya ndi Suntuke a ku Filipi kuti agwirizane, sanaweruze kuti wolakwa ndani. Anawakumbukira monga amayi amene anagwira naye ntchito ya Uthenga Wabwino, napempha mnzake wina kuti awathandize.

Pumitsani onyamula katundu

Bwererani ku kope lija, lembani ntchito zonse za mu mpingo ndi amene akuzigwira. Mupeza dzina limodzi likutuluka kasanu. Munthu ameneyo watopa, ngakhale sakunena, ndipo tsiku lina adzatula zonse nthawi imodzi. Ikani malire: munthu asapitirire ntchito ziwiri zikuluzikulu, udindo ukhale ndi nthawi yake yothera, ndipo aliyense wa udindo akhale ndi wachinyamata amene akumuphunzitsa. Ena adzakana kutula, poganiza kuti mwawachotsa ulemu. Lankhulani nawo mofatsa, athokozeni pamaso pa mpingo, ndipo apempheni kuti akhale aphunzitsi a wolowa m'malo.

Abusa ndi banja lawo nawonso alembedwe m'kagulu. Pa funso lija loti atadwala usiku ndani angamve, dzina lawo ndi limodzi mwa amene anthu amakhalira chete. Sankhani akulu awiri oti aziwayendera popanda kubweretsa nkhani za mpingo.

Zonsezi musaziyambe mwezi umodzi. Mwezi woyamba lembani mayina ndi kupeza atsogoleri a timagulu. Wachiwiri timagulu tiyambe kukumana. Chakudya cha pamodzi ndi thumba zibwere pambuyo. Atsogoleri a timagulu azikumana ndi abusa kamodzi pa mwezi, kwa theka la ola, kungonena amene sanaoneke ndi amene akufunika thandizo. Pakatha miyezi 6 tsegulaninso kope, werengani mayina aja munaika chizindikiro mmodzimmodzi, ndipo pa dzina lililonse limene mpaka pano mulibe yankho, lembani pambali pake amene apiteko mlungu womwewo ndi tsiku limene apite.